Kuocha Cimanga Caciwisi

 Lero tikambirana za kuocha cimanga caciwisi, cimene kwathu kum'mawa timati dowe, ndipo ena amati mondokwa. Kapena wina mwa inu waseka kale mumtima, nati, "Kodi kuocha dowe nakonso kufuna mphunzitsi?" Inde, kufuna mphunzitsi. Ine ndadya cimanga coocha m'midzi yambiri ndi m'misika yambiri, ndipo ndinena mosabisa kuti cambiri mwa ico cinali cakuda ngati khala kunja, pamene m'kati cinali cisanapse. Cina cinali colimba kotero kuti nsagwada zinatopa citsononkho cisanafike pakati. Zolakwa zotere zimayambira kumunda, cimanga cisanafike ndi pamoto pomwe, cotero tiyambire kumeneko.

Cimanga cikamasula, pamwamba pa phesi pamatuluka ngaiyaye, ndipo m'mbali mwa phesi, pamene cabereka mwana, pamatuluka ndevu. Ngaiyaye ndizo maluwa aamuna. Mukagwedeza phesi m'mawa mame atauma, mudzaona fumbi lacikasu likugwa. Fumbi limenelo ndi mungu. Mphepo imanyamula munguwo ndi kuugwetsera pa ndevu za cimanga cina. Tsono mvetsetsani ici: ulusi uli wonse wa ndevu umapita ku njere imodzi yokha. Ulusi umene sunalandire mungu, njere yake simera. Mukasenda cimanga ndi kupeza magweru, njere pano, mpata apo, mudziwe kuti mungu sunafike pa ndevu zonse. Izi zimacitika kawirikawiri mvula ikadula nthawi ya kumasula, kapena ngati munthu wabzala cimanga mzere umodzi wautali m'mphepete mwa mpanda, kumene mphepo imatayira mungu kuchire. Ncifukwa cake m'dimba la sukulu nkwabwino kubzala mizere yaifupi inai kapena isanu moyandikana, kusiyana ndi mzere umodzi wautali.

Mungu ukafika, njere imayamba kukula. Poyamba imakhala ngati thuza, yodzala ndi madzi oyera mbee, opanda kukoma. Pambuyo pake madziwo amasanduka mkaka, ndipo mkaka umenewo ndiwo wotsekemera, pakuti masamba amapanga shuga ndi mphamvu ya dzuwa ndi kumtumiza ku njere. Koma njere sisunga shugayo nthawi yaitali. Tsiku ndi tsiku imamsandutsa ufa, umene a sayansi amaucha sitalici, kuti mbeu idzakhale ndi cakudya pomera. Mkaka umalimba kukhala ngati phala, phala nkukhala ufa wouma. Nthawi ya cimanga coocha iri pakati pamenepo, ndipo ndi yaifupi. Pa mtundu wotsekemera, umene ndidzaufotokoza posacedwa, nthawiyi imafika patapita milungu itatu kapena pafupi pamenepo ndevu zitatuluka. Cimanga cathu ca nsima ambiri timacikonda citalimbako pang'ono, mkaka utayamba kugwirana, cifukwa cikatero cimakhuta ndipo sicifota pamoto.

Mungadziwe bwanji kuti cafika? Yang'anani ndevu. Zikauma ndi kufiira moderako, koma makoko akali obiriwira, ndico cizindikiro coyamba. Gwirani cimanga ndi dzanja kunsonga kwake. Ngati nsonga iri yodzala, yosasongoka kwambiri, njere zafika kumapeto. Mukakayikabe, tsegulani pang'ono makoko, mutsine njere imodzi ndi cikhadabo. Pakatuluka madzi oyera, cisiyeni. Pakatuluka mkaka, thyolani. Cikhadabo cikalephera kulowa, cimeneco ncoyembekeza nkhokwe. Koma ndikupemphani kuti musamayende m'munda wonse mukusenda ciri conse. Cimanga cimene mwacitsegula ndi kucisiya mwacitsegulira mbalame, nyerere ndi madzi a mvula, ndipo cimaola.

Tsopano ndikuuzeni cinthu cimene ambiri sacidziwa. Cimanga cikathyoledwa sicifa pomwepo. Njere zimapitiriza kupuma, ndipo zimapitirizanso kusandutsa shuga kukhala ufa, pamene phesi lopereka shuga watsopano palibenso. Kukatentha, nchitoyi imafulumira. Mitundu yakale ya cimanga cotsekemera imatha kutaya theka la shuga wake tsiku limodzi lokha ngati yasiyidwa pamalo otentha. Ndiye cifukwa cake cimanga cimene mwaocha kumunda, pa msasa wolindira apusi, cimakoma kuposa cimene cagona m'thumba masiku awiri pa msika. Si njala yokha imene imakometsa ca kumunda ai. Cotero sonkhani moto poyamba, ndipo muthyole pambuyo. Ngati muyenera kucisunga, muthyole m'mawa kusanatenthe, musacisende makoko, ndipo mucike pamthunzi mutafunditsa thumba lonyowa.

Ndachula mtundu wotsekemera. Enanu a m'tauni mwaona m'masitolo akulu cimanga cacikasu, cacifupi, cokulungidwa m'mapepala a pulasitiki, cimene Angelezi amati sweet corn. Si cimanga cathu cothyoledwa msanga ai. Ndi mtundu wina. Cimanga conse ca pa dziko lapansi cinacokera kumwera kwa dziko la Mexico, kumene anthu anayamba kucibzala zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, pocisankha kucokera ku udzu wakuchire wochedwa teosinte. Ku Africa kuno cinafika ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500, ndipo cinatenga nthawi yaitali kuti cilande malo a mapira ndi mawere m'minda ya makolo athu. Pakati pa mitundu yambirimbiri imene eni dziko a ku America anali kubzala, munali wina wokhala ndi cibadwa cacilendo: njere zake zimalephera kusandutsa shuga yense kukhala ufa. Tinganene kuti ndi cilema, koma cilema cokoma. Njere yotere ikauma imakwinyika ngati nkhope ya nkhalamba, ndipo siitulutsa ufa wabwino wa nsima. Nchito yake ndi kudyedwa yaiwisi basi.

Mu 1902 kampani ya mbeu ya Burpee, ya mumzinda wa Philadelphia, inayamba kugulitsa mtundu wacikasu wochedwa Golden Bantam. Kufikira nthawi imeneyo Azungu ambiri a ku United States anali kuyesa cimanga cacikasu cakudya ca ziweto, ndipo patebulo anali kufuna coyera. Koma mtundu umenewu unawakomera, maganizo ao nkusintha. Pambuyo pake, mu 1953, mphunzitsi wa pa University of Illinois, dzina lake John Laughnan, analemba za mtundu wina wa njere zofota kwambiri zikauma, umene unali ndi shuga woculuka koposa, ndiponso wosataya msanga kutsekemera kwake. Cimanga cambiri cotsekemera cimene cigulitsidwa m'masitolo cinacokera ku nchito yakeyo. Nkhani ya cimanga cacikasu indikumbutsa za ife eni. Akulu anu adzakuuzani kuti pa cilala ca 1992 tinadya nsima ya cimanga cacikasu cocokera kunja, ndipo ambiri anacida, nacipatsa dzina la cakudya ca njala. Komatu mu 2012 dziko la Zambia linatulutsa mitundu ya cimanga cofiirira ngati lalanje, yokhala ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A, wothandiza maso ndi kuteteza ana ku matenda. Cimanga coyera ciribe zimenezo. Ndacilawa cofiiriraco cooca pamakala, ndipo kwa ine ncokoma kuposa coyera. Amene amacikana cifukwa ca maonekedwe ake adzimana okha.

Aphunzitsi amene mufuna kubzala mtundu wotsekemera m'dimba la sukulu, cenjerani ndi cinthu cimodzi. Mungu wa cimanga ca nsima ukagwera pa ndevu za cotsekemera, njerezo zimatuluka zaufa caka comweco, ndipo ndalama za mbeu zapita pacabe. Mucibzale patali ndi minda ina, kapena musiyanitse nthawi yobzala ndi milungu iwiri kapena kuposa, kuti mitundu iwiriyi isamasulire pamodzi.

Tifike tsopano pamoto. Pamene ndinali mwana, tsiku lina ndinathyola cimanga ndi kuciponya pakati pa malawi a moto wa mapesi, cifukwa njala inandipweteka ndipo sindinafune kudikira. Posacedwa cinada bii. Ndinaciluma, pakamwa panga panadzaza mwaye, m'kati muli mkaka wozizira. Ambuya anandiyang'ana, nanditumiza kukathyola cina. Iwo anadikira mpaka nkhuni zitanyeka ndi kugwa makala, nakankhira makalawo pambali ndi kamtengo, natsamiritsa cimangaco pa fua, pafupi ndi moto koma osakhudza. Anali kucitembenuza pang'ono pang'ono akukamba nkhani zina, ngati aciiwala. Cimene anandipatsa tsiku limenelo cinali cofiirira mbali zonse, ndipo cinapsa mpaka pa citsononkho.

Zimene ambuya anacita ziri ndi cifukwa cake. Njere yaiwisi ya cimanga cotsekemera, magawo atatu mwa magawo anai ndi madzi. Kutentha kuyenera kulowa pang'ono pang'ono kuti madzi a m'katiwo awire ndi kuphika ufa umene uli m'njere. Njere iri yonse iri ngati kamphika kakang'ono kovundikira. Malawi amatentha kunja kokha mofulumira, khungu la njere nkupserera madzi a m'kati asanawire. Makala amatentha mofatsa ndi mofanana, ndiponso alibe utsi wambiri. Tsono pamene khungu lauma ndi kutentha koposa madzi owira, shuga ndi zomanga thupi za m'njere zimagwirizana ndi kupanga mtundu wofiirira uja ndi fungo lija limene limakuitanani muli kutali. Munthu wa sayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndiye anafotokoza za kusintha kumeneku mu 1912. Ndi kusintha komweko kumene kumafiiritsa buledi, nsawa zokazinga ndi nyama yooca. Cimanga cophika m'madzi sicingakhale ndi fungo limenelo ngakhale mutaciphika tsiku lonse, cifukwa madzi owira sapitirira madigiri 100. Koma kufiirira ndi kupserera nzosiyana. Pamene pada bii pasanduka khala, ndipo khala liribe cakudya.

Nkhuni zolimba monga tsanya ndi mombo zimapereka makala okhalitsa. Zitsononkho zouma za caka catha nazonso zimapereka makala abwino, ngakhale amatha msanga, ndipo mukasonkha zimenezo mwapulumutsa mtengo. Musasonkhe nkhadze, pakuti utsi wake umapweteka maso ndipo ndi woipa pa cakudya. Musasonkhe matabwa opaka penti, mitengo yothiridwa mankhwala a ciswe, mapulasitiki kapena mphira. Ndimaona anyamata ena akuyatsa makala ndi mapepala a pulasitiki ndi kuika cimanga pomwepo utsi wakuda usanathe. Utsi umenewo umakakamira pa njere, ndipo mumaudya.

Ngati muli ndi mbaula, dikirani kufikira makala onse atayaka ndi kuyera phulusa pamwamba. Ikani waya pamwamba pake, wotsuka bwino, wopanda penti. Yesani moto ndi dzanja: tambasulani cikhato pamwamba pa waya, patali pang'ono, muwerenge. Mukalephera kufika pa zitatu, moto waculuka. Dikirani kapena kwezani waya. Mukafika pa khumi dzanja lisanamve kuwawa, moto wacepa, ndipo cimanga cidzangouma ndi kulimba osapsa. Pakati pamenepo ndipo pabwino. Sendani makoko, cotsani ndevu zonse, koma siyani kamtengo ka kutsinde kuti mugwirepo. Ena amapinda makoko kumbuyo ndi kuwamanga kuti akhale cogwirira, ndipo ndi nzeru yabwino, malinga makokowo akhale kunja kwa moto. Gonekani cimanga pa waya, ndipo mbali imodzi ikafiirira citembenuzeni pang'ono, osati kucigubuduza nthawi zonse ai. Mudzamva njere zina zikuphulika, thu! thu! Ndi nthunzi imene yang'amba khungu. Zikamaphulika zambiri nthawi imodzi, moto wakula. Musaiwale nsonga ndi tsinde, pakuti pakati pamapsa msanga; sunthani cimanga kuti mbali zimenezo nazo zione moto.

Cimanga cotsekemera cimapsa m'mphindi 10 kapena 15, ndipo cifuna maso, cifukwa shuga wake woculuka amapserera msanga ndipo khungu lake ndi lopyapyala. Cathu ca nsima cimatenga nthawi yoposerapo ndipo cimapirira moto. Musadalire koloko yokha. Tonolani njere imodzi, muilawe.

Pali njira yaciwiri, yoocha cimanga ciri m'makoko ake. Mumacotsa makoko akunja okha, ndi kucika pa makala kapena kucikwirira m'phulusa lamoto. Makoko akakhala ouma pang'ono, civiikeni m'madzi oyera poyamba kuti asayake. Apa makoko amasunga nthunzi, ndipo cimanga cimapsa ngati cophika, cofewa ndi camadzi, m'mphindi 20 kapena kuposerapo. Njira imeneyi ndi yabwino kwa ana ang'ono ndi kwa okalamba amene mano anatha. Ine ndimaiona yoperewera, cifukwa fungo la moto silifika pa njere. Cotero ndikaocha motero ndimasenda makoko pomaliza ndi kucibwezera pa waya kanthawi kocepa kuti cifiirire. Posenda cenjerani, nthunzi ya m'makoko imaocha kwambiri.

Za zokometsera sindinena zambiri. Ife timadya copanda kanthu, kapena timapaka madzi a mcere. Ku Kenya ogulitsa m'misewu amapatsa wogula kagawo ka ndimu kothira mcere ndi tsabola kuti apake pa njere. Ku Mexico, kwao kwa cimanga, amacicha elote, ndipo amapakapo ndimu, tsabola ndi cizi. Ku United States amapaka batala. Yesani ndimu ndi tsabola tsiku lina, pakuti zonse ziwiri ziri m'midzi mwathu. Cimene ndifuna kuti mukumbukire ndi cakuti cimanga cimapatsa mphamvu, koma zomanga thupi zake nzoperewera. Mwana amene wadya cimanga coocha cokha tsiku lonse wakhuta, koma thupi lake silinalandire zonse zofunika pakukula. Dyerani pamodzi ndi nsawa, zimene zimakhwima nyengo yomweyo, kapena nyemba, kapena mkaka. Tafunani bwino, cifukwa khungu la njere siligayika m'mimba, ndipo wodya mothamanga amadzimbidwa. Mng'ono wanu amene sanamere mano akumbuyo musampatse njere zathunthu, angatsamwe nazo.

Tsopano mundichere khutu bwino, pakuti zimene ndinena apa zikhudza moyo. Nyengo ya dowe ndi nyengo ya mvula, ndipo mvula ikagwa mumakonda kulowetsa mbaula m'nyumba ndi kutseka citseko. Makala oyaka amatulutsa mpweya wochedwa carbon monoxide. Mpweya umenewu suoneka ndipo ulibe fungo. Munthu amayamba kumva mutu, cizungulire ndi tulo, akagona sadzukanso. Mabanja athunthu afa motero. Ocherani pakhonde kapena m'khichini lotseguka, ndipo musagone ndi mbaula m'cipinda ngakhale makala aoneke ngati azima. Wina akapsa ndi khala, thirani madzi oyera ozizira pa balalo kwa mphindi 20. Musapakepo mafuta, mankhwala otsukira mano, dzira kapena dothi. Bala likakhala lalikulu, kapena liri pankhope, kapena wapsayo ndi khanda, pitani naye ku cipatala.

Caciwiri ndi mankhwala a m'munda. Kuyambira kumapeto kwa 2016, minda ya m'Zambia inalowedwa ndi mbozi zacilendo zocokera ku America, zimene timati nchemberezandonda, ndipo alimi ambiri amapopera mankhwala kuti apulumutse cimanga cao. Pa botolo liri lonse la mankhwala otere pamalembedwa masiku amene ayenera kupita munthu asanadye mbeuyo. Cimanga couma cimakhala miyezi m'munda, koma caciwisi cimacoka ku phesi kupita pakamwa tsiku lomwelo, ndipo moto sucotsa mankhwala. Musanathyole, funsani atate kapena amai kuti anapopera liti. Ici ndi cifukwa cinanso cosathyolera m'munda wa eni: simudziwa cimene anathiramo dzulo.

Cacitatu ndi manja. Mukumbuka kuti mu 2024 sukulu sizinatsegulidwe m'Januwale monga mwa nthawi zonse. Zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale cifukwa ca matenda a kolera. Matendawa amabuka nthawi ya mvula, nthawi yomwe cimanga coocha cimadzaza m'misewu. Moto umapha tizirombo, cotero cimanga cocoka pa makala ciribe mlandu. Mlandu uli pa zimene zicitika pambuyo pake: ogula asanu acigwiragwira posankha, wogulitsa walandira ndalama ndi dzanja lomwelo, nacimiza m'citini ca madzi a mcere amene sitidziwa kumene anatungidwa. Mukagula, sankhani ndi maso, pemphani cotentha cocoka pamoto, ndipo acikulunge m'khoko loyera la m'kati. Sambani m'manja ndi sopo musanadye.

Makolo athu sanali kulola munthu ali yense kuyamba kudya zam'munda monga afunira. Angoni a Mpezeni ali ndi mwambo wa Nc'wala, umene ucitika ku Mtenguleni pafupi ndi Chipata kumapeto kwa Febuluwale, pamene mfumu yaikulu imalawa zipatso zoyamba za caka, anthu nkumasuka kudya. Mwambowu unaleka Angoni atagonjetsedwa ndi Angelezi mu 1898, ndipo unayambanso mu 1980. Kutsidya kwa nyanja, mitundu ina ya eni dziko a ku America, monga Cherokee ndi Muscogee, nayonso iri ndi mwambo wa cimanga caciwisi, ndipo mwa mwambo wao munthu sadya cimanga catsopano mwambowo usanacitike. Anthu awa sanaonanepo ndi Angoni, koma anafika pa lamulo lofanana. Mwambo uli ndi matanthauzo ambiri, a kuthokoza ndi a ulemu kwa mfumu, ndipo sindifuna kuucepetsa. Koma ine monga mwana wa mlimi ndimaonamo nzeru inanso. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Munthu wanjala akaloledwa, adzathyola cimanga cikali madzi, adzadya zisanu osakhuta, ndipo munda udzatha usanakhwime.

Tengani mapensulo, tiwerengere pamodzi. Banja lina liri ndi anthu 6. Ali yense adya zitsononkho 2 pa tsiku. Pa tsiku limodzi ndi 12. Akacita motero masiku 30, ndi zitsononkho 360. Tsono tiyerekeze kuti citsononkho cimodzi, cikadasiyidwa kuti ciume, cikadapereka magalamu 150 a njere. Culukitsani 360 ndi 150. Mupeza magalamu 54,000, ndiwo makilogalamu 54. Thumba la cimanga ndi makilogalamu 50. Ambuya anu adzakuuzani kuti kale linali la 90, koma imeneyo ndi nkhani ina. Ndiye kuti banja lija ladya thumba lathunthu ndi kupitirira, m'mwezi umodzi, mongoseweretsa pakamwa, nsima ikuphikidwabe madzulo ali onse. Kwa mlimi wokolola matumba 100 si kanthu. Kwa amai amasiye okolola matumba 8, thumba limenelo ndi nsima ya milungu ingapo m'Januwale wotsatira.

Caka ca cilala masamu amenewa amawawa koposa. Pa 29 Febuluwale 2024, Mtsogoleri wa dziko, Bambo Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Mahekitala pafupifupi 1 miliyoni a cimanga anaonongeka mwa mahekitala 2.2 miliyoni amene anabzalidwa. M'caka cotere citsononkho ciri conse cimene capulumuka ndi cuma. Sindikuletsani kudya dowe, ndingakhale wabodza pakuti inenso ndimadya. Cimene mabanja anzeru amacita ndi kupatula kamunda kakang'ono pafupi ndi nyumba, kobzala mtundu wofulumira kuca ndi mvula yoyamba, kuti ana aziochako, munda waukulu usakhudzidwe. Ndipo mnyamata amene amalowa m'munda wa mnansi popita ku sukulu, nati ndathyola ziwiri zokha, awerenge kuti anzake odutsa njira yomweyo ndi angati.

Mbali ina ya nkhaniyi ndi yokondweretsa. Amene ali ndi dimba kudambo, nabzala cimanga m'Julayi kapena m'Ogasiti kuzizira kutacepa, amathyola caciwisi m'Okutobala ndi Novembala, pamene anthu onse acilakalaka ndipo m'minda mulibe kanthu. Nthawi imeneyo citsononkho cimodzi caciwisi cimagulidwa mtengo woposa kwambiri njere zake zikadauma, ndipo mapesi ake obiriwira ndi cakudya ca ng'ombe pamene msipu wauma. Sukulu imene iri ndi madzi pafupi ingagule coko ndi makope ndi kadimba kotere.

Ndikusiyirani nchito ziwiri. Yoyamba ndi iyi: ali yense abwere ndi citsononkho cimodzi ca kwao, atapempha. Werengani mizere ya njere mozungulira. Wina adzapeza 10, wina 12, wina 14 kapena 16. Lembani manambala onse pa bolodi, ndipo muone ngati pali wina amene wapeza 11, 13 kapena 15. Mudzadabwa, pakuti maluwa a cimanga amamera awiri awiri, ndipo mizere nayo imatuluka iwiri iwiri. Muwerengere pakati pa citsononkho, cifukwa kunsonga mizere ina imasowa. Mukatha, werengani njere za mzere umodzi, muculukitse ndi mizere yonse. Mizere 14 ya njere 35 ndi njere 490, zonse zocokera ku mbeu imodzi, ndipo ulusi wa ndevu unalinso 490 kapena kuposa.

Nchito yaciwiri ifuna masiku awiri. Lolemba m'mawa thyolani cimanga cimodzi m'dimba la sukulu, mucisende, mucike pa zenera pamene pafika dzuwa. Laciwiri masana sonkhani moto, makala akagwa thyolani cina mumzere womwewo, ca msinkhu wofanana, ndipo muoche zonse ziwiri pamodzi. Sankhani ana atatu, muwamange nsalu kumaso, muwapatse njere za ici ndi za ico osawauza, ndipo anene cimene ciri cotsekemera. Lembani mayankho ao m'makope. Aphunzitsi, moto musonkhe ndinu, panja, patali ndi udzu ndi denga, ndipo ndowa ya madzi ikhale pafupi. Ana asambe m'manja asanalawe.